Canaletto ndi Venice: chimene chimakweza mtengo wa chithunzi cha mzinda

Mu Julaye 2025, pa okushoni ya kampani ya Christie's mumzinda wa London, chithunzi chimodzi chojambulidwa pamanja ndi penti wa mafuta chinagulidwa pa mapaundi 31.9 miliyoni. Anachijambula ndi Canaletto wa ku Venice kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1730, ndipo mtengowo unaposa wa zithunzi zake zonse zimene zinagulitsidwapo pa okushoni m'mbuyomo. Pachithunzipo pali doko la Venice pa tsiku lokumbukira kukwera kumwamba kwa Yesu. Mukuona nyumba yachifumu ya mtsogoleri wa mzindawo, nsanja yaitali ya belu ya tchalitchi cha San Marco, timabwato tambirimbiri, ndi bwato lalikulu lokutidwa ndi golide lotchedwa Bucintoro, litangobwerera kuchokera kunyanja kumene mtsogoleriyo ankaponya mphete m'madzi chaka ndi chaka posonyeza ukwati wa Venice ndi nyanja.

Wina akhoza kufunsa kuti nyumba, madzi ndi mabwato basi, ndalama zonsezo n'zachiyani? Mayankho alipo awiri, ndipo sayendera limodzi nthawi zonse. Lina ndi la luso, la zimene dzanja la munthuyu linkatha kuchita ndi penti. Lina ndi la msika: ogula ndani, akufuna chiyani, zithunzi zatsala zingati. Pa Canaletto ziwirizi zinayamba ndi kuthandizana, kenako zinakokana.

Dzina lake lenileni linali Giovanni Antonio Canal. Anabadwa mu 1697 ku Venice, mzinda womangidwa pa tizilumba, umene misewu yake ikuluikulu ndi ngalande za madzi a m'nyanja. Lero uli m'dziko la Italy, koma nthawi imeneyo unali dziko lodzilamulira lokha. Bambo ake, Bernardo Canal, ankajambula zinsalu zikuluzikulu zoika kumbuyo kwa ochita zisudzo, ndipo mwanayo anaphunzirira ntchito pomwepo, mpaka kupita nawo ku Rome cha m'ma 1719. Maphunziro amenewa sanamuchoke. Wojambula nsalu ya zisudzo amayenera kunyenga diso kuti chinsalu chafulati chioneke ngati msewu wolowa mkati, zinthu zapafupi zikulu, zakutali zikucheperachepera, mizere yonse ikukakumana pamalo amodzi. Amadziwanso poika kuwala kuti woonera ayang'ane kumene iye akufuna. Canaletto anangochotsa ochita zisudzo n'kuikapo mzinda wake.

Sanayambitse ndi iye mtundu uwu wa zithunzi, umene Ataliyana amautcha veduta. Ku Netherlands, Johannes Vermeer anali atajambula kale mzinda wa Delft cha m'ma 1660. Gaspar van Wittel, wa ku Netherlands komweko, anapita nalo luso limeneli ku Rome, ndipo ku Venice Luca Carlevarijs ankagulitsa kale zithunzi za mzindawo kwa alendo. Canaletto anamupitirira Carlevarijs m'zaka zochepa, makamaka pa nkhani ya kuwala.

Kuti timvetse kuwala kumeneko tiyambe ndi pentiyo. Penti wa mafuta ndi ufa wa mitundu wosakaniza ndi mafuta a mbewu, kawirikawiri a fulakesi kapena a mtedza wa walnut. Sauma ngati mmene madzi amaphwera. Mafutawo amalimba pang'onopang'ono akamakumana ndi mpweya, moti wojambula amakhala ndi masiku osakaniza mitundu pachinsalu pomwepo, kufewetsa malire, kapena kupala n'kuyambiranso. Penti yemweyo akhoza kuikidwa wokhuthala mpaka kutumphuka, kapena wopyapyala kwambiri kuti wapansi aziwonekera. Pojambula mzinda zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa chithunzi chimodzi chimafuna mwala wolimba, madzi oyenda ndi mpweya wopanda malire, zonse pamodzi.

Canaletto ankayamba ndi kupaka chinsalu chonse mtundu umodzi wapansi. Ali mnyamata ankakonda wofiirira, umene umapatsa zithunzi zake zoyambirira mdima wofunda. Pambuyo pake anasamukira ku mitundu yowala. Thambo ankalipaka ndi burashi yaikulu, pogwiritsa ntchito utoto wabuluu wotchedwa Prussian blue, umene unali utangotulukiridwa ku Berlin kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700 ndipo unali wotchipa kuposa buluu wakale wochokera ku mwala wa lapis lazuli. Nyumba ankaziika pamwamba pa thambolo. Mizere ya mawindo, mizati ndi madenga ankaikoka ndi rula, nthawi zina n'kuikanda mu penti asanaume, ndipo mukayandikira chithunzi chenicheni mumaona timizere timeneti. Koma rula yokha sikanamupatsa dzina. Chimene ena analephera ndi khoma: pulasitala wosupuka, njerwa zoonekera pansi pake, mkwasa wa madzi a mvula pansi pa zenera, mbali imodzi ya nyumba ikuwotchedwa ndi dzuwa pamene ina ili mumthunzi wozizira. Mthunzi wake si wakuda bii. Muli mitundu, ndipo mumatha kuona zimene zili mkati mwake.

Anthu a m'zithunzi zake ndi aang'ono, ena osaposa chikhadabo, koma aliyense ali ndi chochita. Uyu akupalasa bwato thupi litapendekera kutsogolo, awa akukangana mtengo, galu akununkhiza khoma. Madontho atatu kapena anayi a penti akwana kupanga munthu. Popanda iwo diso silingadziwe kukula kwa nyumba, ndipo mzinda ungaoneke ngati pulani ya womanga.

Kwa zaka zambiri anthu ankanena kuti chinsinsi chake chinali kabokosi kotchedwa camera obscura, kamene kamalowetsa kuwala pa galasi n'kugwetsa chithunzi cha zakunja pa pepala kuti munthu angotsata. Kabokosi kotere kolembedwa dzina lake kakusungidwa ku nyumba yosungira zakale ya Museo Correr ku Venice. Komabe akatswiri a Royal Collection, osunga zaluso za banja lachifumu la ku Britain, atayeza zojambula zake za papepala ndi makina oona pansi pa inki, pokonzekera chionetsero cha 2017, anapeza mizere ya pensulo ndi rula yosonyeza kuti ankamanga yekha chithunzicho pang'onopang'ono. Umboni wina uli mumzinda momwemo. Mukaima pamene zikuoneka kuti iye anaima, nthawi zambiri simuona zimene anajambula. Ankakulitsa bwalo, kuwongola ngalande yokhota, kusuntha nsanja kuti isabisike, kapena kuphatikiza zimene munthu angaone ataima malo awiri osiyana. Nthawi zina ankachitira dala poyera, n'kujambula zithunzi zotchedwa capriccio, monga chija anaika pa Grand Canal, ngalande yaikulu ya mzindawo, mlatho umene katswiri wa zomangamanga Andrea Palladio anaukonza papepala koma sunamangidwe.

Kwa ine apa ndiye pagona luso la chithunzi cha mzinda. Chimaoneka ngati chikungonena zoona, pamene chilichonse chasankhidwa. Wojambula wofooka amakopera zonse zimene zili patsogolo pake mofanana, zenera lililonse ndi mphamvu imodzi, ndipo diso la woonera limasowa pofikira. Waluso amasankha ola la tsiku, mbali yochokera dzuwa, chimene chilowe mumthunzi, ndi njira imene diso lidzayende kuchokera pa bwato lapafupi kukafika ku tchalitchi chakutali.

Chithunzi chimene ambiri odziwa amachiika pamwamba pa zonse za Canaletto si cha chikondwerero ayi. Chili ku nyumba yosungira zaluso ya National Gallery ku London, chimatchedwa The Stonemason's Yard, ndipo anachijambula cha m'ma 1725, asanafike zaka 30. Ndi kabwalo ka Campo San Vidal, kamene panthawiyo kanasanduka malo osemera miyala. Pali shedi ya matabwa, miyala yoyera ili mbwee, amisiri atawerama ndi nyundo zawo. Kumanzere mwana wagwa chagada ndipo akudzikodzera, mayi ake asiya tsache n'kuthamangira, mayi wina akusuzumira pakhonde la m'mwamba. Kumanja wina akupota ulusi. Zovala zayanikidwa m'mawindo. Kutsidya kwa ngalande kuli tchalitchi cha Santa Maria della Carità ndi nsanja yake ya belu, imene inagwa mu 1744. Penti pano ndi wokhuthala, makoma ndi okhakhala, mitambo ikuoneka ngati mvula yangodutsa. Mulibe mlendo wolemekezeka ngakhale mmodzi, ndipo sikumene alendo ankapita kukaona. Uyu ndi munthu akujambula kwawo, anthu a kwawo ali pa ntchito yawo ya m'mawa. Ndimaona kuti chilichonse chimene Canaletto anadzatchuka nacho chili kale muno, ndiponso muli china chimene anadzachisiya m'njira.

Chimene chinamusiyitsa ndi makasitomala. M'zaka za m'ma 1700 ana a mabanja olemera a ku Britain ankatumizidwa pa ulendo wautali wozungulira Ulaya, wotchedwa Grand Tour, ndipo Venice inali malo osaphonya. Monga mlendo wobwera kunyanja ku Mangochi safuna kubwerera kwawo wopanda chiboliboli, anyamatawa ankafuna chinthu chokapachika kunyumba chosonyeza kuti anafikako. Sankafuna bwalo la osema miyala. Ankafuna San Marco, mlatho wa Rialto, Grand Canal, dzuwa lili phwee.

Woyamba kumulumikiza ndi ogula a ku Britain anali Owen McSwiny wa ku Ireland, koma amene anasintha zonse ndi Joseph Smith, wamalonda wa Chingerezi wokhala ku Venice, amene mu 1744 anakhala kazembe wa Britain kumeneko. Smith anapachika zithunzi za Canaletto m'nyumba yake ya m'mbali mwa Grand Canal, alendo n'kumabwera kudzaona ndi kuitanitsa zawo. Mu 1735 anatulutsa zosindikiza 14 za zithunzizo, zozokotedwa ndi Antonio Visentini, ndipo mu 1742 zinawonjezedwa kufika 38. Munthu ali ku England ankatha kuloza pa pepala kuti ndikufuna ichi. Smith ndiye ankakambirana mtengo, kulandira ndalama ndi kutumiza katundu pa sitima. Duke wa ku Bedford yekha anatenga zithunzi 24 m'zaka za m'ma 1730, ndipo mpaka lero ndi chuma cha nyumba ya banjalo ya Woburn Abbey. Zambiri mwa zithunzi zotere n'zosafika mita imodzi m'litali, zosavuta kunyamula.

Ntchito itachuluka chonchi, dzanja linasintha. Mitambo yolemera inachoka, thambo linayera, penti anasalala. Mafunde anasanduka timizere toyera topindika tobwerezabwereza, nkhope zinasanduka timadontho tozungulira. Othandizira mu situdiyo anayamba kugwira mbali zina. Zithunzi za nthawi imeneyi n'zokongolabe, zina n'zodabwitsa, koma zambiri zimafanana. M'zaka za m'ma 1800 John Ruskin, wolemba za luso wa ku England, anamudzudzula kwambiri chifukwa cha madzi ojambulidwa mwachizolowezi amenewa. Anawonjeza mkwiyo, koma pa zithunzi zina sanalakwe.

Nkhondo yolimbirana ufumu wa Austria, kuyambira 1740 mpaka 1748, inadula maulendo a alendo, ndipo mu 1746 Canaletto anatsatira makasitomala ake ku London. Anakhala ku England pafupifupi zaka 9, akujambula mtsinje wa Thames, mlatho wa Westminster umene unkamangidwa nthawiyo, ndi nyumba za olemera monga Warwick Castle. Kumeneko kunabuka mphekesera yoti munthuyu si Canaletto weniweni, mpaka iye analengeza m'nyuzipepala kuti aliyense abwere ku situdiyo yake adzaone yekha ntchito yake. Atabwerera kwawo, bungwe la akatswiri ojambula la Venice linamulandira mochedwa, mu 1763, popeza zithunzi za mizinda zinkaonedwa zotsika poyerekeza ndi za nkhani za m'Baibulo ndi mbiri yakale. Anamwalira mu 1768 wopanda chuma chambiri.

Mu 1762 Smith anagulitsa zosonkhanitsa zake, mabuku ndi zithunzi, kwa Mfumu George III pa mapaundi 20,000. N'chifukwa chake banja lachifumu la Britain lili ndi zithunzi za penti za Canaletto pafupifupi 50 ndi zojambula za papepala zoposa 140, kuposa wina aliyense padziko. Venice, mzinda umene anaujambula moyo wake wonse, uli ndi zochepa kwambiri. Ziwiri zimene zili ku nyumba yosungira zaluso ya Ca' Rezzonico mzindawo unachita kugula mu 1983.

Mbiri imeneyi ndiyo ikufotokoza mitengo ya lero. Zabwino zambiri zili m'manja mwa nyumba zosungira zaluso ndi mabanja amene sagulitsa, choncho chabwino chikatulukira pa msika olemera amachilimbirana. Mu 2005 chithunzi cha Canaletto cha Grand Canal chinagulidwa pa mapaundi 18.6 miliyoni pa okushoni ya kampani ya Sotheby's, ndipo panatha zaka 20 chithunzi chake china chisanapitirire mtengo umenewo. Ku Britain boma limathanso kuimitsa kaye chithunzi chofunika kuti chisatuluke m'dziko, kupatsa mpata nyumba zosungira zaluso kuti zisonkhe ndalama.

Funso loyamba la wogula aliyense ndi lakuti anajambula ndani, ndipo pa Canaletto funsoli ndi lovuta. Kawirikawiri sankasaina zithunzi zake. Mwana wa mlongo wake, Bernardo Bellotto, anaphunzira mu situdiyo yomweyo, ankajambula mofanana kwambiri, ndipo atapita ku Dresden, Vienna ndi Warsaw ankagwiritsanso ntchito dzina la Canaletto. Panali Michele Marieschi, panali Francesco Guardi, ndi okopera osawerengeka ku Venice ndi ku England. Ena mwa awa ndi akatswiri paokha: chithunzi cha Guardi cha mlatho wa Rialto chinagulidwa pa mapaundi 26.7 miliyoni mu 2011. Koma unyinji ndi wa anthu osadziwika. Choncho makampani a okushoni ali ndi mawu awo, ndipo wogula amayenera kuwawerenga mosamala. Dzina lokha likalembedwa, akutsimikiza kuti ndi iye. "Attributed to" akutanthauza kuti mwina ndi iye. "Studio of" ndi ntchito ya mu situdiyo yake, mwina iye akuyang'anira. "Circle of" ndi wa m'nthawi yake womutsatira, "manner of" ndi wotsanzira wa pambuyo pake, ndipo "after" ndi kope la chithunzi chodziwika. Kutsika sitepe imodzi pa makwerero amenewa kumagwetsa mtengo kuchoka ku mamiliyoni kufika ku masauzande, chithunzi chili chomwecho.

Kenako pamabwera mbiri ya eni ake. Chithunzi cha mu 2025 chija chinali cha Robert Walpole, nduna yaikulu yoyamba ya Britain, ndipo chinapachikidwapo ku 10 Downing Street, nyumba ya nduna yaikulu ya dzikolo. Dzina lotere limakometsa nkhani, koma ntchito yake yeniyeni ndi umboni. Ngati mapepala akusonyeza kumene chithunzi chinali kuyambira wojambula ali moyo, mpata woti ndi chabodza kapena chobedwa umachepa.

Thanzi la chithunzi ndi limene anthu wamba saliganizira, koma odziwa amayamba nalo. Vanishi wopakidwa pamwamba amachita chikasu pakapita zaka, ndipo otsuka akale ankamuchotsa ndi mankhwala amphamvu amene ankadya ndi penti yemwe. Pa chithunzi cha mzinda zoyamba kupita ndi zopyapyala: zingwe za mabwato, mithunzi yofewa, mitambo. Zinsalu zakale zambiri zinamatidwa pa chinsalu china ndi simbi yotentha, ndipo penti wotumphuka uja anaphwanyika n'kukhala fulati. Ogula amaunika ndi nyali ya ultraviolet kuti aone pamene panapakidwanso. Chithunzi chimene sichinavutitsidwe chikhoza kuposa kutali chinzake chofanana nacho chimene chinakonzedwa kambirimbiri.

Malo ojambulidwa nawonso ali ndi mtengo wake, ndipo apa msika sunasinthe kuyambira nthawi ya Smith. San Marco, Rialto ndi Bucintoro zimakoka ndalama kuposa kangalande kosadziwika, ngakhale kangalandeko katajambulidwa bwino koposa. Bucintoro ali ndi chikoka china chifukwa kulibenso. Asilikali a France anaphwasula bwatolo mu 1798, dziko la Venice litagwa chaka cham'mbuyo. Ndimadandaula kuti mtengo umatsata zimene wogula akuzidziwa kale. Wofuna kuphunzira kuona chithunzi asayambire pa mndandanda wa mitengo.

Amene ali ku Britain ali ndi mwayi, chifukwa kulowa ku National Gallery ndi ku Wallace Collection ku London n'kwaulere, ndipo konseko kuli zithunzi za Canaletto. Imani patali kaye muone mmene kuwala ndi mthunzi zagawanirana chinsalu, kenako yandikirani muone kuchepa kwa penti amene wapanga munthu kapena zenera. Mayeso omwewo amagwira pa chithunzi cha wojambula wamoyo, kaya wajambula Blantyre, Lusaka kapena Johannesburg. Onani ngati mithunzi yonse ikugwera mbali imodzi, ngati zakutali zikuzilala monga zimachitira mumpweya weniweni, ngati anthuwo akuchita kanthu. Funsani ngati ndi penti wa mafuta kapena wa acrylic, ndiponso ngati si chosindikizidwa pa makina chongopakidwa pang'ono pamwamba, chifukwa zotere zadzaza pa intaneti. Tengani risiti yokhala ndi dzina la wojambula ndi chaka, poti mbiri ya eni ake imayambira pamenepo. Mukafika nacho kunyumba, chisapachikidwe pa dzuwa, pafupi ndi utsi wa kukhitchini, kapena pa khoma la chinyezi limene limabweretsa chuku ndi chiswe, ndipo musachipukute ndi nsalu yonyowa. Gulani chifukwa mwachikonda. Zithunzi zochuluka sizidzakwera mtengo.

Pali phindu lina limene ogula a m'zaka za m'ma 1700 sakanaliganizira. Mzinda wa Warsaw utaphwasulidwa pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, omanga anatenga zithunzi zimene Bellotto anajambulira Mfumu Stanisław August Poniatowski m'zaka za m'ma 1770, pamodzi ndi mapulani ndi zithunzi za kamera zimene zinapulumuka, n'kuzitsata pomanganso nyumba za m'misewu yakale. Mu 1980 bungwe la UNESCO linaika chigawo chakale cha Warsaw pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, ndipo zithunzi 22 za Bellotto zili m'chipinda chawochawo m'nyumba yachifumu ya mzindawo. Pamene Bellotto anakometsa nyumba kuposa mmene inalili, nthawi zina omanga anatsata chithunzicho.

Ku Venice, wasayansi Dario Camuffo anaona kuti Canaletto ndi Bellotto, ngakhale ankasuntha nsanja ndi kukulitsa mabwalo, ankajambula mokhulupirika mzere wa ndere umene madzi amasiya pa makoma a nyumba za m'mbali mwa ngalande. Anayerekeza mzerewo ndi pamene ndere zikufika lero pa nyumba zomwezo, ndipo anapeza kuti madzi akwera pafupifupi masentimita 60 poyerekeza ndi makomawo kuchokera nthawi ya ojambulawa, mbali ina chifukwa nyanja ikukwera, mbali ina chifukwa nthaka ya mzindawo ikutitimira. Makina oyezera madzi ku Venice anayamba kulemba mu 1872, choncho zithunzizi zinawonjezera zaka zoposa 100 kumbuyo kwa zimene asayansi anali nazo.